Kwa achemwali ofuna kuchoka pa community college kupita ku UCLA kapena Berkeley

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munafika ku California chaka chatha ndi green card ya lotale, muli semesita yoyamba pa community college (koleji ya boma ya zaka ziwiri), usiku mumagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mtima wanu uli pa UCLA kapena Berkeley. Simunasankhebe pakati pa economics ndi biology. Mukufunsa ngati munthu wa pa koleji yotere amatengedwadi kumeneko, kapena ngati amalume anu akunena zoona kuti mukutaya nthawi pa sukulu ya anthu okanidwa kwina.

Amatengedwa, ndipo ndi ambiri. Ine ndinayenda njira yomweyo mpaka ndinakamaliza digiri ku UC Davis. Amalume anu sindikuwanena, chifukwa maganizo amenewo tonse tinabwera nawo. Kwathu khomo ndi limodzi: ulembe MSCE, udikire mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, ndipo dzina lako likasowa anthu amayamba kukupepesa. Kuno anamanga mosiyana. Kuyambira pa dongosolo la maphunziro apamwamba la California la mu 1960, community college anaiika dala kuti ikhale njira yolowera ku yunivesite. University of California (UC), imene UCLA, Berkeley ndi Davis ndi nthambi zake, imayesetsa kuti pa ana awiri alionse a ku California olowa chaka choyamba, pakhalenso mmodzi wosamuka kuchokera ku koleji. Ku UCLA, m'zaka zaposachedwa, mwa ofunsira malo akuchokera ku sekondale amatengedwa osakwana mmodzi pa 10 alionse, pamene mwa ofunsira transfer, kutanthauza kusamuka kuchokera ku koleji, amatengedwa pafupifupi mmodzi pa anayi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwowa ndi a m'ma community college a m'California momwemo. Ndiye simuli kunja kwa mpanda ayi.

Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi: transfer simaiyamba tsiku lodzaza fomu. Mukuiyamba panopa, ndi makosi amene mulembetse semesita ikubwerayi. Anthu ambiri amene amakakamira panjira si ofooka m'kalasi. Amakhala atakhoza bwino makosi olakwika.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Semesita yanga yoyamba ndinalembetsa mochedwa, makalasi ambiri atadzaza kale. Ndinakaonana ndi mlangizi kwa mphindi khumi zokha. Sanandifunse kuti ndikufuna kudzapita kuti, inenso sindinanene, poti kwathu tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umangoti inde. Ndinatenga zimene zinali ndi malo komanso zogwirizana ndi nthawi yanga ya ntchito: kosi ya mawu a zachipatala, ya kompyuta za mu ofesi, masamu a bizinesi. Zonse ndinapeza A. Ndinkasunga mapepala a zotsatira mu envulopu yakhaki pansi pa matiresi, ndikumatumiza zithunzi zake kwa mayi kumudzi. Patatha masemesita atatu ndinali ndi mayuniti 41 (yuniti ndi muyezo wa kukula kwa kosi), ndipo ndinalowa mu transfer center ndili ndi chimwemwe. Mayi amene ndinawapeza mmenemo anatembenuzira sikirini ya kompyuta kwa ine, n'kumatsitsa cholembera mzere ndi mzere. Apa iyi iwerengedwa, iyi ayi, iyi ayi. Atafika pansi anati UC ingalandirepo 23. Chemistry, amene major yanga, phunziro lalikulu la digiri yanga, inkafuna masemesita angapo motsatizana, ndinali ndisanamuyambe n'komwe, ndipo sakanandilola kumuyamba ndisanamalize masamu ena. Ndinatuluka n'kukakhala pa siteji ya basi, mabasi awiri anadutsa osakwera. Chaka chathunthu chinapita pamenepo. Safunsa anadya phula, achemwali, ndipo phula limenelo ndikulikumbukira kukoma kwake koipa mpaka lero.

Choncho sabata ino tsegulani webusaiti yotchedwa ASSIST. Ndi yovomerezeka ndi makoleji ndi mayunivesite a boma a California. Mumasankha koleji yanu, yunivesite imene mukufuna, kenako major, ndipo imakuonetsani kuti kosi iyi ya kwanu ikufanana ndi iti ya kumeneko. Sindikizani masamba ake muwamate pakhoma. Muone a UCLA, a Berkeley, ndi a yunivesite ina imodzi kapena ziwiri, chifukwa zofuna zawo zimasiyana ngakhale dzina la major likhale limodzi. Kosi iliyonse musanailipire muzidzifunsa kuti ili pa pepala liti. Ngati palibe, ikhale yoti mwaisankha mukudziwa.

Malamulo oyambira ndi osavuta kuwamva. Mufunika mayuniti 60 a semesita amene UC imawavomereza, omalizidwa pofika kumapeto kwa spring (semesita yoyamba mu Januwale) musanasamuke. Mkati mwake mukhale makosi awiri a kalembedwe ka Chingerezi, imodzi ya masamu, ndi zinayi zochokera m'magulu ena monga za chikhalidwe cha anthu, zaluso ndi sayansi. GPA (avereji ya magiredi, pamene A ndi 4) yotsikitsitsa yololedwa ndi 2.4 kwa okhazikika mu California ndi 2.8 kwa ena. Nambala zimenezo zisakupusitseni. Ndi zongokulolani kuponya fomu. Ku UCLA ndi Berkeley, pa ma major olimbiranidwa ngati economics, computer science kapena biology, amene amatengedwa ambiri amakhala ndi ma A okhaokha, mwina B mmodzi kapena awiri. Palinso mndandanda wa makosi a general education umene ife tinkautcha IGETC, ndipo kwa oyamba kuchokera mu 2025 ukutchedwa Cal-GETC. Ndi wothandiza, koma mukapanikizika pakati pa iwo ndi makosi a major, makamaka pa sayansi, tsogozani a major.

Ndi chifukwa chake nkhani yosankha pakati pa economics ndi biology musaiike padera nthawi yaitali. Ndikudziwa kuti anthu amati ukadali ndi nthawi. Pa transfer nthawi ndi yochepa, chifukwa mumafunsira malo mu major, osati mu yunivesite chabe, ndipo mukalowa kusintha n'kovuta, pena n'kosatheka. Mwayi wanu ndi woti njira ziwiri zonsezi zimadutsa pa calculus. Yambani masamu tsopano, pa mlingo umene mulipo, ndipo musadumphe semesita. Ngati biology ikukukokani ngakhale pang'ono, lowaninso chemistry msanga, chifukwa ndi unyolo wautali: general chemistry, kenako organic, chilichonse chikudikira chinzake. Masamu ndi Chingerezi musazisiyire semesita yomaliza. Owerenga fomu amafuna kuona magiredi ake, osati lonjezo.

Za ntchito yanu ya usiku ndikambe mosabisa, poti ndinaigwirapo. Kutuluka pa shifiti 7 koloko m'mawa n'kukalowa labu 9 koloko, manja akununkhabe magolovesi, kumatheka sabata ziwiri zitatu, koma semesita ndi yaitali. Kuli bwino kutenga mayuniti 9 kapena 12 n'kupeza ma A kusiyana ndi kusenza 17 n'kutuluka ndi ma C. Palibe amene adzakuchotsereni malikisi chifukwa mwatha zaka zitatu pa koleji m'malo mwa ziwiri. Ndipo mukaona kuti kosi yakukanikani, dziwani tsiku lomaliza lotulukamo. W mmodzi, chizindikiro choti munatuluka m'kosi, pa transcript sapha munthu, koma C amakhalapo mpaka kalekale, chifukwa nthawi zambiri salola kubwereza kosi imene mwakhoza kale.

Tsopano chinthu chimene chinandipulumutsa ine, TAG. Ndi pangano lakuti mukakwaniritsa makosi ndi GPA imene aika, malo anu ndi otsimikizika. Masukulu a UC amene amapereka ndi asanu ndi limodzi: Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz. Berkeley, UCLA ndi San Diego mulibe. Mumafunsira kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Sepitembala, chaka chimodzi musanasamuke, ndipo mumasankha sukulu imodzi yokha. Ma major ena salowa m'panganoli, ndiye muonetsetse. TAG sikuletsani kufunsira UCLA ndi Berkeley. Imangochititsa kuti muzigona tulo podikira. Ndaonapo achinyamata akuikana, amvekere ine ndi UCLA basi, kenako mu Epulo n'kutsala manja lende. Inu musatero. Pa UCLA yeniyeniyo funsani ngati koleji yanu ili mu Transfer Alliance Program, imene imapereka mwayi woganiziridwa mwapadera kwa amene amaliza pulogalamu ya honors pa makoleji amene ali m'mgwirizanowo. Si pangano ngati TAG, koma imakankha.

Fomu ya UC ndi imodzi ya masukulu onse, imatsekedwa kumapeto kwa Novembala. Safuna mayeso a SAT, ndipo makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi sakhala mbali ya fomuyo. Mu Januwale mumabwereranso kukalemba magiredi a fall (semesita yotha mu Disembala) ndi makosi amene mukutenga spring. Ambiri amaiwala zimenezi. Mayankho a UCLA ndi Berkeley amabwera chakumapeto kwa Epulo. Ngati ndalama ndi zochepa, amakhululukira malipiro a fomu mpaka masukulu anayi.

Mu fomumo muli mafunso anayi oti muyankhe, lililonse mawu osapitirira 350. Limodzi ndi lokakamiza, lofunsa mmene mwakonzekerera major yanu. Atatu mumasankha pa asanu ndi awiri. Apa ife a kwathu timalakwitsa m'njira ziwiri. Ena timadzichepetsa mpaka osanena chilichonse chimene tachita, poopa kuoneka odzitama. Ena timalemba za umphawi wa ku Africa mwachisawawa, poganiza kuti ndi zimene azungu akufuna kumva. Zonsezi sizithandiza. Lembani zimene munachita inuyo ndi manja anu. Ngati munazindikira kuti agogo ena amene mumawasamalira asiya kudya chifukwa mano oikirira akuwapweteka, n'kukauza nesi, imeneyo ndi nkhani. Ngati mumagawa malipiro anu pakati pa lendi, mabuku ndi fizi ya mng'ono wanu ku Mzuzu kapena ku Zomba, ndipo mwaona ndi maso anu zimene kugwa kwa kwacha kumachita pa ndalama imene mwatumiza, munthu wofuna economics ali ndi poyambira pabwino kuposa buku lililonse. Maola amene mumagwira ntchito alembeni onse. Amawawerenga.

Chenjezo limodzi lalikulu: ngati munaphunzirapo pa koleji kapena yunivesite ina iliyonse, kaya ku UNIMA, ku MUBAS, ku LUANAR kapena koleji yaing'ono ya pulaiveti, ngakhale semesita imodzi imene simunakhoze bwino, muyenera kuilemba. Kubisa kungachititse kuti akulandeni malo mutatengedwa kale. Yambani lero kuitanitsa transcript, poti mapepala ochokera kwathu amatenga nthawi.

Za ndalama, inu muli pabwino chifukwa cha green card. Mukakwanitsa chaka ndi tsiku limodzi mukukhala mu California, ndi umboni woti mwakhazikika, mumawerengedwa ngati wokhala mu California ndipo yuniti pa community college imakhala madola 46, imenenso ingakhululukidwe kudzera mu California College Promise Grant. Pitani ku ofesi ya admissions mukaone ngati anakusinthani, chifukwa sizingochitika zokha nthawi zonse. Dzazani FAFSA, fomu yofunsira thandizo la ndalama za sukulu, chaka chilichonse, ndipo tsiku lomaliza lofunsira Cal Grant, thandizo la boma la California, limakhala kumayambiriro kwa Malichi. Kwa anzathu a m'gulu lino amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 nkhani ndi ina: FAFSA sikukukhudzani, ndipo ku UC mumalipira ndalama yoonjezera yopitirira madola 30,000 pachaka pamwamba pa fizi ya aliyense. Inu werengerani zimenezo musanaike mtima pa UC, ndipo muyang'anenso mayunivesite a pulaiveti amene amathandiza ophunzira akunja.

Masukulu ngati Stanford, Harvard kapena Princeton nawo amatenga a transfer, Princeton inayambiranso mu 2018, koma ndi anthu owerengeka kwambiri pachaka. Yesani ngati mphamvu zilipo, bola dongosolo lanu lisatsamire pamenepo.

Mukadzalowa mudzapeza kuti liwiro ndi lina. Kupatula Berkeley ndi Merced, masukulu a UC amayendera ma quarter a masabata 10. Ine ku Davis mayeso oyamba anandipeza sabata yachitatu, ndikusocherabe ndi njinga yanga pofuna holo ya kalasi, m'kalasimo anthu mazana. Quarter yoyamba inandiwawa. Yachiwiri ndinali nditaphunzira kupita kwa aphunzitsi pa maola awo a ofesi, ndipo pa digiri yanga palibe pamene analemba kuti ndinayambira kwina.

Lembani pansipa makosi amene mukutenga panopa ndi mlingo wa masamu umene anakuikani. Loweruka ndikakhala nditapuma, tidzatsegule ASSIST limodzi tione ngati onse akuwerengedwa, nthawi yolembetsa ya semesita ikubwerayi isanatseguke.