Kodi ana athu apindula chiyani pokumana ndi anzawo a tsidya lina la malire?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya sekondale yomwe ili pafupi ndi malire a dziko lawo. Mayiwa amayang'anira kalabu ya ophunzira yokambirana za ufulu ndi udindo wa nzika, ndipo bungwe lina lawapempha kuti kalabu yawoyo iyambe kugwirira ntchito limodzi ndi kalabu ya sukulu ina ya tsidya lina, pa nkhani ya kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi. Funso lawo ndi lakuti, popeza maphunziro a unzika amakhudza malamulo a dziko limene munthu akukhala, zisankho zake ndi nyumba yake ya malamulo, ana awo apindula chiyani pokhala pansi ndi ana amene amatsata malamulo ena, amaphunzira m'chilankhulo china, ndipo sadzavota nawo limodzi? Akuopanso kuti zingathere pa msonkhano umodzi, ana n'kujambulidwa zithunzi, kenaka aliyense n'kubwerera kwawo.

Amayi, ine ndikuti muvomere, koma musanatero mufunse kaye mafunso angapo amene ndiwatchule kutsogoloku. Chimene mukuchiona ngati chopinga, kusiyana kwa malamuloko, ndicho chuma chenicheni cha ntchito imeneyi. Mwana amene wakulira pansi pa lamulo limodzi amaliona ngati phiri, chinthu chimene anachipeza ndipo adzachisiya momwemo. Mukhoza kumuuza kambirimbiri m'kalasi kuti malamulo amapangidwa ndi anthu ndipo anthu omwewo angathe kuwasintha, iye n'kulemba m'kope, n'kukhoza mayeso, koma mumtima osakhulupirira. Tsiku limene adzamve pakamwa pa mnzake wa msinkhu wake kuti kwawoko, mtunda wa makilomita ochepa chabe, mtsikana amene anatenga mimba amabwerera kusukulu akabereka, kapena kuti kumeneko zaka zolowera m'banja n'zina, m'pamene amadzifunsa kuti anasintha ndani, anayamba bwanji, ndipo zinawatengera nthawi yaitali bwanji. Unzika umayambira pa mafunso amenewa, ndipo n'kovuta kuwadzutsa mwa mwana amene sanaonepo njira ina.

Nkhani ya maukwati a ana kum'mwera kwa Africa ikuonetsa bwino momwe kusintha kumaolokera malire. Mu Julayi 2003 mayiko a bungwe la African Union anagwirizana ku Maputo pangano loteteza ufulu wa amayi, limene linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2005, ndipo ndime yake ya 6 imanena kuti mkazi asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Kwa zaka zambiri mawu amenewa anangokhala papepala, chifukwa malamulo a mayiko ambiri ankalolabe kuti mtsikana wa zaka 15 kapena 16 akwatiwe makolo akavomereza. Kenaka zinthu zinayamba kutsatizana. Mu Januwale 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Zimbabwe linagamula kuti palibe wololedwa kulowa m'banja asanafike zaka 18, ndipo amene anakadandaula kukhotiko anali amayi awiri achichepere amene iwo eni anakwatiwa ali ana. Mu Juni chaka chomwecho aphungu a mayiko a m'bungwe la SADC la kum'mwera kwa Africa, kudzera m'bungwe lawo la SADC Parliamentary Forum, anavomereza lamulo lachitsanzo lothetsera maukwati a ana, lomwe silikakamiza dziko lililonse koma dziko lingathe kutengerapo polemba lamulo lake. Mwezi wotsatira khoti lalikulu ku Tanzania linagamula mokomera Rebeca Gyumi, womenyera ufulu wa atsikana, amene anatsutsa ndime za lamulo la maukwati la 1971 zolola atsikana kukwatiwa ali ndi zaka 14 kapena 15, ndipo boma litachita apilo, khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulocho mu 2019. Ku Malawi lamulo la 2015 linaika zaka 18, koma malamulo oyendetsera dziko ankasiyabe mpata kwa ana oyambira zaka 15 ngati makolo alola, mpaka pamene aphungu anatseka mpatawo mu Febuluwale 2017. Mozambique inakhazikitsa lamulo lake loletsa maukwati a ana mu 2019, ndipo Zambia inasintha lamulo lake la maukwati mu Disembala 2023.

Dziko lililonse linali ndi nkhondo yakeyake pa nkhaniyi, ndipo sindikunena kuti lina linkangoonera kwa linzake. Koma maloya amawerenga zigamulo za makhoti a mayiko oyandikana nawo, aphungu amakumana ndi aphungu anzawo, ndipo omenyera ufulu amauzana njira imene yaphula kanthu ndi imene yalephera. Chimene ndikufuna ana anu achione ndi chakuti ambiri mwa anthu amene anakankha zimenezi anali achinyamata. Rebeca Gyumi anali asanakwanitse zaka 30 pamene anapita kukhoti, ndipo ku Malawi atsikana onga Memory Banda anayamba kulankhula za maukwati a ana ali achichepere. Mtsikana wa m'kalabu yanu akayala zaka zimenezi patebulo limodzi ndi mnzake wa tsidya lina, aliyense akufotokoza pamene dziko lake linasinthira ndi pamene likadali m'mbuyo, amaphunzira ntchito ya khoti, ya nyumba ya malamulo ndi ya nzika wamba kuposa momwe angaphunzirire poloweza ndime za m'buku.

Palinso chifukwa china chimene inu okhala kufupi ndi malire mukuchidziwa kuposa ine. Malire amagawa maboma, koma sagawa mabanja, ndipo m'madera ambiri anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chilankhulo chimodzi kunyumba ngakhale kuti kusukulu amaphunzira m'zilankhulo zosiyana. Mtsikana akasowa m'kalasi n'kumveka kuti amupititsa kwa achibale a tsidya lina, mphamvu ya wapolisi ndi ya woona za chisamaliro cha ana imathera pa chipata, pamene amene amutenga adutsa kale pa kanjira ka m'tchire. Oyamba kudziwa kumene wapita nthawi zambiri amakhala anzake a m'kalasi. Ngati kalabu yanu ikudziwana ndi mphunzitsi wa tsidyalo, ndipo mphunzitsiyo akudziwa ofesi yoti akanene, nkhani imene ikanazimiririka imakhala ndi woitsatira. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanati pokhapokha ngati ali ndi chiphaso cha dziko lako. Ndichenjeze pomwepa kuti ana asasandutsidwe ofufuza milandu. Mbali yawo ndi kudziwa wamkulu woti amuuze, ndipo zotsalazo ndi za akuluakulu.

Mantha anu aja ndi omveka, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Mapangano odutsa malire ali ndi mbiri yaitali ya malonjezo osakwaniritsidwa. Mu Ogasiti 2008 atsogoleri a mayiko a SADC anasayina ku Johannesburg pangano la jenda ndi chitukuko, lomwe linkati pofika 2015 theka la maudindo opanga ziganizo likhale m'manja mwa amayi. Chaka cha 2015 chinafika cholingacho chisanakwaniritsidwe, ndipo panganolo linaunikidwanso mu 2016. Dziko la Rwanda, lomwe mu 2008 linakhala loyamba padziko lonse kukhala ndi amayi ochuluka kuposa abambo m'nyumba ya malamulo, silinafike pamenepo ndi msonkhano wa m'hotela, koma ndi malamulo ake oyendetsera dziko a 2003, amene anasungira amayi mipando 24 mwa mipando 80 ya aphungu. Ana anu ayenera kuphunzira kusiyanitsa zinthu ziwirizi, lonjezo ndi njira yolikwaniritsira, ndipo pangano losakwaniritsidwa nalonso ndi phunziro labwino ngati ana atalitenga m'manja n'kufunsa aphungu a mbali zonse ziwiri kuti zinavuta pati.

Chitsanzo chimene ine ndimachiganizira kwambiri ndi cha France ndi Germany. Mayiko awiriwa anamenyana nkhondo zitatu zikuluzikulu pakati pa 1870 ndi 1945. Pa 22 Januwale 1963 atsogoleri a mayiko awiriwa, Charles de Gaulle ndi Konrad Adenauer, anasayina pangano la ubale ku Paris, ndipo chaka chomwecho maboma awiriwa anakhazikitsa ofesi imodzi yoyendetsa maulendo ochezerana a achinyamata, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero ndipo yathandiza achinyamata mamiliyoni angapo kukumana. Patatha zaka 40, mu Januwale 2003, achinyamata a mayiko awiriwa atakumana ku Berlin anapempha kuti pakhale buku limodzi lophunzitsira mbiri yakale m'masukulu a mbali zonse ziwiri. Maboma anavomera, ndipo gawo loyamba linatuluka mu 2006. Pempho lotere silingachokere kwa ana amene anaonana tsiku limodzi. Linachokera kwa ana amene anabadwa kukumanako kutakhala kale chizolowezi. Inu mulibe zaka 40 kapena thumba la boma, koma mfundo yake ikukhudzani: ntchito yaing'ono yobwerezedwa chaka ndi chaka imaposa msonkhano waukulu wochitika kamodzi.

Tsopano ndinene za jenda m'kati mwa kalabu momwemo, chifukwa apa m'pamene ntchito zambiri zimadzinamiza. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa achinyamata ochokera m'mayiko awiri, pamene okonza ananyadira kuti atsikana ndi anyamata abwera ofanana chiwerengero. Ana atagawidwa m'magulu ang'onoang'ono, ndinayenda gulu ndi gulu n'kuona chinthu chimodzimodzi: cholembera chili m'manja mwa mtsikana, atawerama pa chipepala chachikulu chimene anayala pansi, pamene anyamata aima chilili n'kumamuuza zoti alembe. Nthawi yopereka malipoti itakwana, amene anaimirira kutsogolo anali anyamata, akuwerenga mfundo zonena kuti atsikana apatsidwe mpata wolankhula. Mtsikana wina amene ndinamumva akutsutsa mwanzeru m'gulu lake anakhala kumbuyo atagwirizira chipepalacho kuti chisagwe pakhoma. Panalibe amene anachita zimenezi mwadala, ndipo n'chifukwa chake n'zovuta kuziona. Mukamawerenga ana, musalekere pa chiwerengero cha obwera. Muone amene akutsogolera zokambirana, amene akusunga ndalama za kalabu, ndi amene akulankhula pamaso pa alendo, ndipo maudindo amenewa azisinthana. Anyamata musawasiye kunja kapena kuwaika ngati oimbidwa mlandu, chifukwa nawonso adzakhala amuna a m'nyumba, mafumu, apolisi ndi aphungu, ndipo mnyamata amene wazolowera kutsogoleredwa ndi mtsikana ali pa sukulu sadzadabwa nazo akadzakula.

Mafunso oti mufunse bungwe lija ndi awa. Loyamba, ndani wasankha mitu yokambirana? Ngati mitu yonse yabwera italembedwa kale, ndipo ana a mbali zonse ziwiri sanafunsidwe chimene chikuwasowetsa mtendere, ndiye kuti ana anu aitanidwa kudzadzaza mipando. Mufunsenso ngati sukulu ziwirizi zikulowa mofanana, chifukwa kumene mbali imodzi imasunga ndalama zonse, kulandira alendo nthawi zonse ndi kulemba lipoti yokha, mbali inayo imasanduka ophunzitsidwa, ndipo ana amazindikira msanga amene akuonedwa ngati wotsalira. Misonkhano izichitika mosinthana, kuno ndi uko.

Nkhani ya chilankhulo musaitenge mopepuka. Zokambirana zikachitika m'chilankhulo cha boma chokha, olankhula amakhala ana ochepa amene amachidziwa bwino, ndipo kawirikawiri ena onse amangogwedeza mutu. Ngati ana a mbali ziwirizi ali ndi chilankhulo cha kunyumba chimene amamvana, chimenecho chikhale choyamba, ndipo ngati palibe, womasulira akhalepo kuyambira pachiyambi, osati wongogwidwa pa tsikulo.

Funso limene makolo adzakufunsani inu, ndipo muyenera kukhala ndi yankho lake musanapite kwa iwo, ndi la chitetezo cha ana paulendo. Mwana wosakwana zaka 18 akamaoloka malire pamafunika zikalata zoyendera ndi chilolezo cholembedwa cha makolo, ndipo zofunikazi zimasiyana dziko ndi dziko, choncho mukafunse ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko nthawi ikadalipo. Pakhale mphunzitsi wamkazi woperekeza atsikana, malo ogona akhale odziwika, ndipo mwana aliyense adziwe munthu woti amuuze ngati wina wamuchita chipongwe, ngakhale wochitayo atakhala wa bungwe lomwelo. Makolo akakayika, woyamba kutsala pakhomo amakhala mtsikana, ndipo mudzapezeka mwanyamula anyamata okhaokha kupita ku msonkhano wa jenda. Mugwirizanenso poyera kuti kalabu si malo okopera anthu a chipani, chifukwa mphekesera yoti ana akuphunzitsidwa ndale za dziko lina ingathe kutseka ntchito yonse m'sabata imodzi.

Chomaliza, mufunse chimene chidzatsale ndalama zikadzatha, ndipo yankho lake muyambe kulikonza nokha. Ine ndikanakhala inu, ndisanakwere galimoto iliyonse ndikanapempha makalabu awiriwa kuti asankhe funso limodzi, mwachitsanzo chimene chimachitika mtsikana wa pa sukulu akatenga mimba. Kalabu iliyonse ifufuze zimene lamulo kapena ndondomeko ya boma lake imanena, ifunse mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo zimene zimachitikadi, popanda kutchula dzina la mwana aliyense, kenaka itumize zimene yapeza kwa anzawo pa kalata kapena pa foni ya mphunzitsi. Akadzakumana maso ndi maso adzakhala ndi nkhani yoti ayambirepo, ndipo pamapeto pake kalabu iliyonse ilembe kalata kwa khansala kapena phungu wa dera lake, yosonyeza zimene anzawo a tsidya lina akuchita bwino ndi kufunsa ngati zingatheke kwawonso. Ntchito yotere imafuna mapepala, foni imodzi ndi teremu imodzi, ndipo mukhoza kuibwereza chaka chamawa ndi funso lina ngakhale bungwelo litachoka. Mukadzalandira mayankho a bungwe lija, mundilemberenso, makamaka pa nkhani ya amene asankhe mitu ndi ya woperekeza atsikana.