Achimwene, choko si chilango

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achimwene. Mwati muli ndi zaka 26, mwakhala mukuponya mpira wa kriketi kuyambira ku sekondale, msana wayamba kukana, ndipo malo apezeka ku koleji ya aphunzitsi. Mukufunsa ngati kukagwira choko ndiye kuti mwagonja. Mawu akuti kugonjawo ndi amene andisowetsa tulo, chifukwa inenso ndinawalankhulapo, nditakhala pakhonde pa amalume, bondo litatupa ngati dzungu.

Ine kriketi sindinasewerepo. Ndinali goloboyi, ndipo m'dera lathu ana ankandiloza ndikamadutsa pamsika. Tsiku lina ndinadumphira mpira wa pakona, ndikutera mwendo unapindikira komwe sunayenere kupindikira. Chakudza sichiyimba ng'oma. Akuluakulu a timu anabwera kuchipatala kamodzi, atanyamula shuga ndi buledi, ndipo sindinawaonenso. Patatha miyezi ingapo amalume anabwera ndi fomu ya ku koleji, naiika pamphasa pafupi ndi ndodo zanga zoyendera. Anati, "Mphwanga, miyendo imakalamba msanga kuposa mutu. Lemba dzina apa." Ndinalemba, koma mumtima ndinali ngati ndikusainira maliro anga omwe.

Mtima umenewo ndinalowa nawo m'kalasi, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere. Zaka ziwiri zoyambirira ndinali mphunzitsi woipa. Sikimu ndinkalemba, makope ndinkachonga, koma ana ankandiopa ngati mvula yamatalala. M'kalasi mwanga munali kamnyamata kena ka Sitandade 6, kowonda, kokhala kumbuyo pafupi ndi windo. Kanali ndi mpira wachikulunga, womanga bwino ndi timalamba ta matayala, wozungulira moti ukanati ndi wogula. Tsiku lina unagubuduka kuchoka m'jumbo yake ine ndili pakati polemba masamu pa bolodi. Ndinautola, ndinatuluka nawo, ndi kukauponya m'chimbudzi ana onse akuonerera pa windo. Mwanayo sanalire. Anangoyang'ana manja ake. Patapita masabata ndinamuona kuseri kwa msika akutolera majumbo m'ngalande, limodzilimodzi, akuwakutumula fumbi. Mpaka lero ndikamva fungo la pulasitiki wopsa ndimakumbukira nkhope yake. Mwanayo sanandilakwire kanthu. Ndinkalanga bondo langa pogwiritsa ntchito mpira wake.

Ahedi athu anali mdala amene anakhalako ku Bulawayo ali wachinyamata, ndipo kumeneko ndi komwe anakondera kriketi. Anamva za mpirawo. Sanandikalipire. Anandiitanira ku ofesi, anandithirira tiyi, nayamba kundisimbira za munthu wina dzina lake Frank Tyson. Kuyambira tsiku lomwelo ndakhala ndikuwerenga za munthu ameneyu, ndipo inu woponya mpira muyenera kumudziwa kuposa ine.

Tyson anabadwa mu 1930 ku Farnworth, m'chigawo cha Lancashire ku England, m'banja la anthu ogwira ntchito za m'fakitale. Timu ya kwawo ya Lancashire sinamutenge, choncho anakasewerera Northamptonshire, komwe bwalo lake silinkathandiza kwenikweni oponya mwaliwiro. Chimene ahedi anatsindika n'chakuti mnyamatayu anali atapita ku yunivesite ya Durham kukaphunzira mabuku a Chingerezi, pa nthawi imene osewera olipidwa ambiri ankasiyira sukulu panjira. Amasimba kuti nthawi zina ankalakatula mizere ya Shakespeare ndi Wordsworth ali pabwalo pomwepo. Don Bradman ndi Richie Benaud, akatswiri a kriketi a ku Australia, onse awiri, anamutchula kuti ndiye woponya mwaliwiro kuposa onse amene anawaonapo. Atolankhani anamupatsa dzina loti Typhoon, kutanthauza namondwe.

Kumapeto kwa 1954 anapita ku Australia ndi timu ya England, kaputeni wake ali Len Hutton. Masewero oyamba a Test (masewero akuluakulu a pakati pa mayiko, otenga masiku angapo) ku Brisbane anali manyazi okhaokha. Australia inamenya marani (ndiwo zigoli za kriketi) 601, ndipo Tyson yekha anamenyedwa marani 160 n'kungotulutsa munthu m'modzi. Inu mukudziwa mmene zimawawira kuthamanga mtunda wonse uja, ova ndi ova (ova ndi mipira ingapo imene woponya m'modzi amaponya motsatizana), dzuwa likuswa mtengo, mpira n'kumangothamangira kumalire. Zitatero anachita chinthu chimene woponya wonyada sachita msanga: anafupikitsa mtunda wake wothamanga asanaponye. Ku Sydney, pamene inali nthawi yake yomenya, mpira wa Ray Lindwall, woponya mwaliwiro wa Australia, unamuwomba kunkhongo mpaka anakomoka, namutengera kuchipatala. Anabwerera pabwalo, ndipo pa masewero omwewo anatenga mawiketi 10, kutanthauza kuti anatulutsa omenya 10, England n'kupambana ndi marani 38. Ku Melbourne mu Januwale 1955 anatulutsa anthu 7 atangopereka marani 27. Pa ulendo wonsewo anatenga mawiketi 28 m'masewero a Test, ndipo England inapambana 3-1.

Tsono tamvani mmene zinathera. Thupi silinalole. Kuponya kwa mtundu umenewo kumadya munthu, phazi lakutsogolo limamenya pansi ndi kulemera konse kwa thupi, kambirimbiri pa tsiku. Kuvulala kunamuchulukira, ndipo oponya mwaliwiro anzake a England, Fred Trueman ndi Brian Statham, analipo kudzaza malo. Tyson anangosewera ma Test 17, natenga mawiketi 76, wiketi iliyonse pa marani 18.56, chiwerengero chimene oponya ochepa kwambiri afikapo. Mu 1960, ali ndi zaka 30, anasiya. Anasamukira ku Melbourne, mzinda womwewo umene anawonongeramo timu ya Australia, n'kukalowa ntchito ya uphunzitsi pa Carey Baptist Grammar School. Ankaphunzitsa Chingerezi, Chifalansa ndi mbiri yakale. Tangoganizani, munthu amene anthu masauzande ankamuimirira m'bwalo, tsopano wagwira kope la mwana wa zaka 14, akumuonetsa pomwe waiwala mpumiro.

Ahedi atafika pamenepa anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, mukuganiza kuti ameneyu ankaponya mipira ya ana m'chimbudzi?" Sindinayankhe. Ndinatuluka mu ofesimo maso ali pansi.

Pa sukulu ya Carey panali mnyamata wina dzina lake Graham Yallop, amene Tyson anamuphunzitsa kriketi, ndipo ameneyo anadzakhala kaputeni wa Australia mu 1978. Tyson mwini anadzatsogolera ntchito yophunzitsa makochi m'chigawo cha Victoria, ankaulutsa masewero pa wailesi ndi pa kanema, analemba mabuku, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anapita ku Bombay kukasula oponya achinyamata. Ena mwa iwo, monga Abey Kuruvilla ndi Paras Mhambrey, anadzasewerera India. Tyson anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 85. Muwerenge nokha: pabwalo la Test anakhalapo zaka zosapitirira 5, koma kuphunzitsa kunamutengera zaka makumimakumi. Ndiye moyo wake weniweni unali uti?

Apa ndilankhule mosabisa, ngakhale ena mwa owerenga akwiye. Tili ndi chizolowezi choipa chonena kuti "uja anangokhala mphunzitsi". Ka "ngo" kameneko ndi kamene kakukupwetekani inu, osati msana. Ndakamva pa maliro, pa ukwati, m'minibasi, ngakhale m'kamwa mwa aphunzitsi anzanga. Munthu amene amati "anangokhala mphunzitsi" amalemba dzina lake chifukwa wina anamugwira dzanja ali mu Sitandade 1. Sindikunena kuti ntchitoyi ndi yokoma. Malipiro ndi ochepa, kalasi imadzaza mpaka ena kukhala pakhomo, nyumba za aphunzitsi zina zimadontha, ndipo fumbi la choko limakhala pakhosi mpaka usiku. Zimenezo ndi zoona, ndipo tiyenera kumazinena mokweza kwa amene ali ndi udindo. Koma kuvuta kwa ntchito si kunyozeka kwake. Ndimakana, ndipo ndidzakanabe, kuti munthu amene wasiya bwalo n'kulowa m'kalasi watsika.

Komanso ndikana chinthu china, ndipo ichi ndikukana kwa inu. Ngati mukupita ku koleji kukabisala, kuti anthu asakufunseni za kriketi, musapite. Ana si malo otayirapo zokhumudwitsa zathu. Ndinayesa ine, ndipo amene analipira ndi kamnyamata ka pa windo kaja. Kuli bwino mukagulitse matabwa kusiyana n'kuima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku muli ndi mkwiyo woti moyo unakuberani.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa Tyson si yekha. Frank Worrell wa ku Barbados, munthu wakuda woyamba kutsogolera West Indies pa mndandanda wonse wa masewero a Test, mu 1960 ndi 1961 ku Australia, anaphunzira pa yunivesite ya Manchester akusewerabe. Atasiya anakagwira ntchito yoyang'anira ophunzira pa University of the West Indies, ku Jamaica kenako ku Trinidad. Anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1967 ali ndi zaka 42 zokha, ndipo manda ake ali pa yunivesite yomweyo, ku Cave Hill kwawo ku Barbados. Pafupi nafe pano, Hamilton Masakadza wa ku Zimbabwe anamenya marani oposa 100 pa Test yake yoyamba mu 2001, ali ndi zaka 17, dziko lonse likumutamanda, kenako n'kuika bati (thabwa lomenyera mpira) pansi kupita kukaphunzira ku University of the Free State ku South Africa. Anabwerera, nasewera zaka zambiri, mpaka kukhala kaputeni. Ameneyo sanakhale mphunzitsi, koma ndimamutchula kwa makolo amene amandifunsa ngati mwana angagwire ziwiri, bati ndi buku. Anthu awa anali m'mayiko momwe kriketi imalipira, komabe sanadalire thupi lokha. Nanga kwathu kuno, komwe osewera kriketi ambiri amadzigulira okha nsapato?

Za kufupikitsa mtunda

Chimene chinandisintha ine si mawiketi 76 aja ayi, koma zomwe zinachitika pakati pa Brisbane ndi Sydney. Munthu anamenyedwa pagulu, anavomera kuti njira yake ili ndi vuto, naisintha anthu onse akuona. Uphunzitsi wonse uli pamenepo. Ndinabwerera m'kalasi n'kupempha mayi wina wachikulire, amene anaphunzitsa Sitandade 3 zaka zambiri, kuti adzakhale kumbuyo aone mmene ndikuphunzitsira. Belu litalira anandionetsa kapepala. Anali atawerengera kuti ndalankhula mphindi 31 pa mphindi 35, ndipo ana amene anatsegula pakamwa anali awiri okha. Anati, "Bambo, mukuthamanga mtunda wautali, mukafika kwa mwana mwatopa kale." Mayiwo kriketi sankaidziwa n'komwe, koma ananena zomwezo zimene ahedi anandiuza. Mawa lake ndinalemba funso limodzi lokha pa bolodi n'kutseka pakamwa. Zinandivuta kuposa kudumphira penate.

Inu muli ndi chinthu chimene aphunzitsi ambiri atsopano alibe. Mwazolowera kudzudzulidwa ndi kochi, kubwereza chinthu chimodzimodzi kambirimbiri mpaka dzanja lizichita lokha, kuima tsiku lonse padzuwa kudikira mpira umodzi. Mukudziwa kuyang'ana mapazi a womenya n'kuzindikira pomwe akuopa. Mwana amene sakumvetsa kugawa amaonekanso chimodzimodzi, amabwerera m'mbuyo funso lisanafike, ndipo diso lanulo lidzamuona msanga.

Kamnyamata kaja ndinakapepesa. Ndinakagula mpira wachikopa ndi ndalama yanga ya mwezi umenewo n'kuupereka kwa iye pamaso pa kalasi yomwe ija, ndi kunena kuti ndinalakwa. Anaulandira ndi manja awiri, koma teremu yonseyo sanandiyang'anepo m'maso. Zina sizibwerera mwakale, ndipo n'chifukwa chake ndakulemberani zonsezi musanalowe m'kalasi, osati mutalowa kale.

Tsono yankho lanu ndi ili. Msanawo mukauonetse kwa dokotala musanaponyenso mpira wina, chifukwa kwa oponya mwaliwiro ululu wa m'munsi mwa msana nthawi zina umakhala mng'alu wa fupa, ndipo kuumirira kumaukulitsa. Malo a ku kolejiwo atengeni, koma musanasaine mukapemphe kwa ahedi a sukulu ili pafupi nanu kuti mukhale kumbuyo kwa kalasi sabata imodzi, muone ngati phokoso la ana likukukokani kapena likukuthamangitsani. Sankhani phunziro limene mumalikonda lokha palokha, osati masewero okha, monga Tyson anali ndi mabuku ake. Bati ndi mipira musagulitse, ndipo mufunse ku bungwe loyendetsa kriketi za maphunziro a ukochi, chifukwa sukulu imene mudzapiteko mwina ilibe mwana ngakhale m'modzi amene anagwirapo mpira wofiira wa kriketi.

Mukalembanso, mundiuze zimene dokotala wanena, komanso kuti mu sabata ija munakhala mu kalasi yanji.