N'chifukwa chiyani nyama zina zimadikira pamene zina zimapupuluma?

Funso: Ndili ndi agalu awiri. Wina amadikira mpaka ndiike mbale pansi, mnzake amangoilumphira. Mu ubongo mwawo mumachitika chiyani? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Zambiri zimene tikudziwa pankhaniyi zachokera ku makoswe ndi mbewa. Ku yunivesite ya Cambridge amaika khoswe m'bokosi la timitengo tiwiri tokanikiza. Akakanikiza kena amalandira kambulu kamodzi ka chakudya pompopompo. Akakanikiza kenako amalandira timibulu tinayi, koma atadikira, nthawi zina mpaka masekondi 60. Mu 2001 ofufuza anawononga mbali ya kachigawo ka mkati mwa ubongo kotchedwa nucleus accumbens, makoswewo n'kuyamba kuthamangira kochepa kamsangako. Mu 2007 anapezanso kuti makoswe opupuluma mwachibadwa ali ndi timalo tochepa tolandirira dopamine (kemikolo yonyamula mauthenga mu ubongo) m'dera lomweli.

Chimene chimathandiza kupirira ndi serotonin, kemikolo inanso ya mu ubongo. Ku Okinawa, m'dziko la Japan, ofufuza anadzutsa ndi kuwala maselo opanga serotonin mu ubongo wa mbewa, mbewa n'kudikira nthawi yotalikirapo. Chofunika kwambiri kwa inu ndi ichi: zinkatheka bwino pamene mbewayo inali ndi chikhulupiriro kuti chakudya chibweradi.

Ndiye galu wanu wopupulumayo musamumenye. Gwirani mbale m'mwamba, akhale pansi masekondi awiri, mumupatse. Akalumpha, kwezaninso mbaleyo. Muzionjezera masekondi pang'onopang'ono. Ambiri amalakwitsa pomudikiritsa nthawi yaitali tsiku loyamba, kapena kumumana atadikira kale, ndipo galu amaphunzira kuti kudikira n'kopanda phindu.