Bwanji "calm down" amangowonjezera mkwiyo?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Tsiku lina gogo wina wachingelezi anakwiya chifukwa chakudya chake chinachedwa, ine n'kumuuza kuti "calm down". Mkwiyo unachita kuwirikiza. Kwathu tikati "ugwireni mtima" munthu amaphwa. Kodi mawuwa si amodzimodzi? Nanga mawu oputira munthu m'Chingerezi ndi ati?

Yankho: Achemwali, m'dikishonale mawu awiriwa amaoneka ofanana, koma m'khutu la munthu wokwiya samveka chimodzimodzi. "Ugwireni mtima" ali ndi -ni waulemu kumapeto, ndipo nthawi zambiri timayamba tati "pepani". Ena amawonjezera "chonde agogo", dzanja lili pachifuwa. Chingerezi chilibe -ni ameneyu, choncho "calm down" amatuluka ngati lamulo. Gogoyo anamva kuti mukumuuza kuti vuto ndi iyeyo, osati chakudya chochedwacho.

Si inu nokha. Mu Epulo 2011 David Cameron, ali nduna yaikulu ya Britain, anauza Angela Eagle, phungu wa chipani cha Labour, m'nyumba ya malamulo kuti "calm down, dear". A Labour anafuna kuti apepese, ndipo ambiri anati mawuwo anali onyazitsa mayiyo. "Relax" ndi "chill" nawo ndi a pakati pa anthu ozolowerana. Musawayese kwa munthu wamkulu kapena bwana.

Angelezi akafuna kuziziritsa munthu mtima amatchula vutolo, mtima wa munthuyo n'kuusiya. Mukanati "I'm sorry about the wait, let me sort it out", kutanthauza kuti pepani mwadikira, ndikonze zimenezi, gogoyo akanakhala pansi.

Pali mawu enanso ofotokozera zimene wina wachita, osati omuuza wokwiyayo pamaso. "Soothe" ndi kutonthoza, monga mayi amachitira ndi khanda lolira. "Placate" ali pafupi ndi kunyengerera, kumupatsa munthu kanthu kapena mawu okoma kuti aleke kukalipa. "Appease" ndiye musamale naye. Chiyambire 1938, pamene Neville Chamberlain, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anasainirana pangano ndi Hitler ku Munich n'kumulola kutenga gawo la Czechoslovakia, mawuwa amanunkha mantha: kugonjera wankhanza kuti asakuvuteni. Sangafanane ndi kupepesa kwathu, kumene kulibe chamanyazi. "Pacify" nayenso ali ndi mbiri. Nkhondo zimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda achingelezi, anachita ndi mafumu a kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1890, mabuku a atsamunda ankazitchula "pacification", ngati kuti mfuti zinkatonthoza anthu.

Tsopano za kuputa. "Provoke" ndiye kuputa kwenikweni, kuyamba munthu dala kuti akwiye. "Annoy" ndi "irritate" ndi aang'ono, monga munthu wokusowetsani mtendere ndi mafunso osatha. "Infuriate" ndi "enrage" ndi kupsetsa mtima mpaka munthu kulusa. Ku Britain mumva kawirikawiri "wind up". Mnzanu wa kuntchito akati "I'm only winding you up", akukuuzani kuti akungokuserewulani, musazitengere kumtima. Koma akati "he really winds me up", nthabwala zatha, munthuyo amamukwiyitsadi.

Liwu lina losokoneza ndi "mad". Mwamerika akati "she's mad" nthawi zambiri akunena kuti wakwiya, pomwe ku England lingatanthauzenso kuti wapenga. M'nyumba ya okalamba, momwe ena ali ndi matenda oiwalaiwala, liwu limeneli lisiyeni. Polemba lipoti gwiritsani ntchito "upset" kapena "distressed".

Ine chimene ndimachiona choopsa kwambiri ndi mawu ooneka aulemu koma olasa. "With all due respect" Amalawi ambiri amawanena akuganiza kuti akudzichepetsa ngati "ndapota nanu", pomwe Mngelezi akawamva amadziwa kuti kukubwera mtsutso. "Whatever" ndi mwano weniweni, wofanana ndi kuyankha munthu wamkulu kuti "zanu izo". Ndipo "you people", ngakhale ife timati "anthu inu" popanda vuto, kumeneko amamveka ngati mukunyoza mtundu wonse wa munthuyo.