IGF-1 ya Sabata Yachitatu Siyoweruzira Opaleshoni ya Acromegaly

Mayi, mwafunsa ngati opaleshoni ya bambo akunyumba yalephera, popeza patatha masabata atatu chiwachotsereni chotupa cha pa pituitary (kachiwalo ka pansi pa ubongo kotulutsa mahomoni) chimene chimayambitsa acromegaly, matenda okulitsa manja, mapazi ndi nkhope, homoni ya IGF-1 m'magazi mwawo idakali pamwamba, chonsecho mphete imene inkakana kuvuka tsopano ikuvuka yokha ndipo thukuta lachepa. Ine ndikuona kuti mwafulumira kuda nkhawa, chifukwa pepala limene mwatijambulirali layezedwa nthawi isanakwane.

Chotupacho chimatulutsa homoni yokulitsa thupi, ija amailemba kuti GH, ndipo GH ndi imene imatuma chiwindi kupanga IGF-1. GH sikhalitsa m'magazi, theka lake limatha pa mphindi pafupifupi 20, choncho chotupa chikachoka chonse imatsika tsiku lomwelo. IGF-1 ndi yachidodo, ndipo mwa anthu ena imatenga miyezi kuti ikhazikike. N'chifukwa chake malangizo a Endocrine Society (bungwe la akatswiri a za mahomoni) a chaka cha 2014 amati iyezedwe pakatha masabata 12 kapena kuposerapo, ndipo MRI, imene imajambula m'kati mwa mutu, nayonso imadikira nthawi yomweyo, chifukwa pamalo pamene achekapo pamakhala potupa ndipo chithunzi chimatha kunamiza.

Komabe zilipo zimene zingakupatseni chithunzithunzi pakali pano, ndipo chachikulu mwa izo chili pa MRI imene anajambula asanapite ku thiyeta. Pituitary imakhala pakati pa mitsempha iwiri ikuluikulu ya carotid yopereka magazi ku ubongo, ndipo mtsempha uliwonse umadutsa m'kamphanga kotchedwa cavernous sinus. Mu 1993 dokotala wa ku Vienna, Engelbert Knosp, ndi anzake anakhazikitsa muyeso wa 0 mpaka 4 wosonyeza mmene chotupa chalowera cham'mbali. Pa 0, 1 ndi 2 kawirikawiri dokotala amene wachita opaleshoni kudzera m'mphuno amatha kuchikokolola chonse. Pa 3, makamaka pa 4 pamene chakuta mtsempha wonse, dokotala wanzeru amasiya dala kachidutswa m'malo moboola carotid, ndipo kachidutswa komweko kamapitiriza kutulutsa GH. Anthu ambiri amamuda dokotala pamenepa, koma kunena zoona ndi pamene wapulumutsa moyo.

Kukula kwa chotupa kumawerengedwanso. Malangizo omwe aja amasonyeza kuti m'manja mwa dokotala wozolowera ntchitoyi, odwala oposa 85 pa 100 alionse amene chotupa chawo sichinafike mamilimita 10 mahomoni awo amabwerera mwakale, pamene kwa a zotupa zazikulu ndi 40 mpaka 50 pa 100 alionse. Tsoka lake ambiri amapezeka chitakula kale, munthu atatha zaka akungosintha saizi ya nsapato n'kumati ndi kunenepa. GH ikakhala kuti inali yokwera kwambiri opaleshoni isanachitike, mwayi umacheperanso.

Funsaninso ngati anayeza GH m'mawa wake wa opaleshoni. Ikapezeka pansi pa 1 ng/mL ndi chizindikiro chabwino zedi, koma ikapitirira pang'ono musagwe mphwayi, chifukwa kupsinjika kwa thupi pambuyo pa opaleshoni nakonso kumaikweza.

Pofika sabata ya 12, yesetsani kuyezetsa ku labu yomweyo, ndipo IGF-1 aiyerekeze ndi msinkhu wa bambowo. Mwina adzawamwetsa madzi a shuga wokwana magalamu 75 n'kumatenga magazi kwa maola awiri. Mwa munthu amene wachira GH imatsika pansi pa 1, ndipo pa makina oyeza bwino kwambiri amafuna itsike pansi pa 0.4. Muwauze adokotala ngati bambo anabayidwa octreotide kapena lanreotide, jakisoni wotsitsa GH, asanapite ku opaleshoni, chifukwa mphamvu ya jakisoni ameneyu imakhalitsa ndipo ingaonetse ngati achira pamene sanachire. Matenda a shuga osalamulidwa bwino nawonso amasokoneza zotsatirazi.

Zikadzapezeka kuti IGF-1 idakali pamwamba, njira zilipo: jakisoni omwe aja wa pamwezi, mapiritsi a cabergoline, jakisoni wa pegvisomant, opaleshoni yachiwiri kapena radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza). Chimene ndikupemphani n'chakuti musamayang'ane nkhope yawo pofuna kudziwa ngati achira. Kutupa kwa zala, milomo ndi lilime kumaphwa, koma chibwano ndi mafupa amene anakula kale sabwerera, ngakhale magazi atakhala bwinobwino.