Ndalama za khonsolo zikonze dziwe la mamembala okha?

Bambo wina wa m'komiti ya kalabu yamasewero m'tauni mwawo wanditumizira imelo. Akuti dziwe losambiramo lidang'ambika, bwalo la tenesi lamera udzu, ndiye akufuna kukapempha ndalama ku khonsolo. Akufunsa ngati pali cholakwika.

Bambo, mwandiponda pachilonda.

Mayi anga ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. M'mawa uliwonse, asanagulitse ngakhale mulu umodzi, wa khonsolo ankafika ndi kabuku kake, kudula chiphaso, kulandira ndalama, n'kupita pa benchi ina. Kaya kwagwa mvula, kaya tomato wawola, msonkho sunkaphonya. Chimbudzi cha mumsikamo unkalowa utagwira mphuno, ndipo mulu wa zinyalala kuseri kwa ogulitsa usipa unkakhala mpaka kumera chimanga. Ndalama mukuifunayo ndi imeneyo, kuphatikiza ma city rates a eni nyumba ndi malayisensi a timashopu.

Nthawi imeneyo ine ndili kamnyamata, Loweruka ndinkapita ku kalabu ina ya gofu kukanyamulira azibwana zikwama kuti ndipeze ya makope. Udzu wake unali wobiriwira ngakhale mu Okutobala, pomwe kwathu mpopi ukungotulutsa mpweya. Bwalo lonselo tinkalidziwa, dzenje lililonse, tchire lililonse lomwe mpira umakonda kubisala. Anzanga ena ankamenya bwino kuposa eni zikwamawo, ndi ndodo yosema ya mtengo wa gwafa. Koma pakhonde la kalabu sitinkapondapo. Mlonda, munthu wa m'dera lathu lomwelo amene Lamulungu tinkapemphera naye, ankangoti, "Ana inu, kuno n'kwa mamembala okha." Madzi tinkamwera pa paipi yothirira maluwa.

Makalabu sindidana nawo. Akale monga Blantyre Sports Club ndi Gymkhana Club ya ku Zomba adayamba nthawi ya atsamunda ngati malo osangalalira azungu, lero Amalawi akusewera momwemo, ndipo n'zabwino. Anthu akasonkha ndalama zawo n'kumanga mpanda, ndi ufulu wawo. Ndimafuna kukuyankhani mofewa kuti zimatengera, koma pamene ndikulembamu mtima ukukana. Ayi, bambo. Geti lomwe limafunsa khadi la umembala lisalandire msonkho wa munthu amene sangalowe pagetipo. Walira mvula walira matope: mudasankha kukhala panokha, dziwe likang'ambika nalonso ndi lanu nokha.

Mkangano wofanana nawo tidauona mu 2019, pomwe a Peter Mutharika adalonjeza kuti boma limangira masitediyamu Nyasa Big Bullets ndi Wanderers. Ine wa Maule kuyambira ndili mwana, koma ndidakayika, poti matimuwa ali ndi eni ake. Komabe apo zimamvekako pang'ono, chifukwa ku mpira aliyense wogula tikiti amalowa, wa kabaza ndi bwana pamzere umodzi. Ku kalabu kwanu kulowa angati?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mabwalo omwe tinkamenyerapo chikulunga lero ambiri ndi mapuloti. Mwana akafuna kusewera, ndi pamsewu, galimoto ikabwera achotse miyala ya magolo. Ngati khonsolo ili ndi kangachepe ka masewero, kayambire pamenepo: kusalaza bwalo la sukulu, kuika mapolo a netibo, kukonza holo ya m'dera. Ndipo tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Tsopano alipo, ndiye tisawaphunzitse kuti ntchito yawo n'kusangalatsa anthu omwe amamwa nawo.

Ndiye mutani?

Kwezani ndalama ya umembala, pitani ku makampani, bwereketsani holo kwa a maukwati. Mukaumirirabe ku khonsolo, pitani ndi mgwirizano wolembedwa: masiku akutiakuti pasabata ana a m'sukulu za boma asambire ulere, mphunzitsi wosambira alipo, popanda wowafunsa khadi. Nkhaniyo ikakambidwe pa msonkhano wa khonsolo yonse, osati mu ofesi ya munthu mmodzi. Komiti yanu ikakana mfundo ya anayo, kalata yopempha ndalama musalembe n'komwe.