Akuti boma liika insulation mwaulere: tisaine kapena ayi?

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera imelo. Iye ndi bambo akunyumba anagula nyumba yakale ya njerwa, zogundizana mumzere zija, ndipo chisanu chikayamba bilu ya gasi imawasowetsa tulo. Sabata yatha pakhomo panafika mnyamata wa jekete ya kampani, nkunena kuti boma likuika insulation, zotchinga kuti kutentha kusamatuluke m'nyumba, mwaulere, iwo angosaina basi. Akufunsa ngati ndi zoona.

Achemwali, thandizolo liripodi, koma cholembera chija muyambe mwachibweza m'chikwama.

Choyamba dziwani giredi ya nyumba yanu. Pa gov.uk mukalemba postcode mupeza satifiketi ya EPC, yoonetsa mmene nyumba imasungira kutentha ndi kugwiritsa ntchito magetsi ndi gasi, osalipira kanthu. Magiredi amayambira A kulekeza G, ndipo thandizo lambiri limapita ku nyumba za D kutsika m'munsi. Khomo loyenera kugogoda ndi la khonsolo yanu. Kuyambira Epulo 2025 makhonsolo a ku England akuyendetsa Warm Homes: Local Grant, ya mabanja amene ndalama zawo zonse pachaka siziposa £36,000. Ndikudziwa, anthu awiri ogwira mashifiti a care malirewo amawadumpha osazindikira. Komabe funsani, chifukwa madera ena amalowa ndi postcode yokha, osayang'ana malipiro.

Anyamata oyenda khomo ndi khomo ambiri amatchula ECO4, imene inayamba mu 2022 ndipo amalipira ndi makampani ogulitsa magetsi ndi gasi. Njira yake yaikulu ndi ya olandira thandizo monga Universal Credit, ndiye ngati visa yanu inalembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo lotere la boma, kumeneko simudutsa. Komanso mu Novembala 2025 boma linalengeza kuti pulogalamuyi ikutha.

Nkhawa yanga yeniyeni ili pa makoma. Nyumba zambiri zomangidwa zaka za m'ma 1920 zisanafike zili ndi khoma lopanda mpata pakati. Tulukani panja muyang'ane njerwa: mukaona zazitali zitasakanikirana ndi zazifupi zoonetsa mutu, lanu ndi lotero. Khoma limeneli salipopera kanthu m'kati, amachita kulimata kunja kapena m'nyumba, ndipo mmisiri akalakwitsa chinyezi chimatsekeredwa momwemo, nkhungu nkuyamba kuda kuseri kwa wodiropu. Mu Okutobala 2025 a National Audit Office, ofufuza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama, anapeza kuti nyumba 98 pa 100 zilizonse zimene zinamatidwa kunja pansi pa ECO4 ndi pulogalamu inzake ya Great British Insulation Scheme zikufunika kukonzedwanso. Zaulere zimenezo! Ine khoma langa sindingalipereke kwa munthu amene ndamudziwira pakhomo.

Yambirani kudenga. Nyumba yosatchingidwa imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutentha kudzera kumwamba, ndipo ntchito yake ndi yotchipa kuposa zonse. Nditakwera mu loft yanga, kampata ka pakati pa siling'i ndi denga, ndi tochi ndi rula, ndinapeza kaubweya kakuda ndi fumbi, kosafika ndi pamwamba pa matabwa pomwe, pamene mulingo umene amalimbikitsa ndi mamilimita 270. Tinayala wina pamwamba mopingasa, ndipo chipinda cha ana chinasiya kukhala ngati Dedza mu Juni. Mungosamala kuti m'mphepete mwa denga musatsekemo, mpweya uzidutsa. Thovu lopopera lija, spray foam, likaneni ndithu: mabanki ena amakana kupereka ngongole pa nyumba yotero, ndiye tsiku logulitsa mudzalira. Ngakhale giranti ikukaneni, mmisiri akakuikirani insulation simulipira VAT mpaka Malichi 2027.

Za heat pump, makina a magetsi otenthetsa nyumba m'malo mwa boyila ya gasi, sindichulutsa. Pulogalamu ya Boiler Upgrade Scheme imachotsera £7,500 pa mtengo wake ku England ndi Wales, koma m'nyumba yolowa mphepo ngati dengu muyambe mwatseka mipata. Abale a ku Scotland, inu njira yanu ndi ina, imbirani Home Energy Scotland.

Mnyamata uja akabweranso, mufunseni dzina la kampani, dzina la pulogalamu, ndi nambala yawo ya TrustMark, kaundula wa amisiri wovomerezedwa ndi boma. Muuzeni kuti mukaona nokha pa intaneti ndipo mukafunsa ku khonsolo. Akati mwayi ukutha lero lomwe, tsekani chitseko, kutentha kwa m'nyumba kungatuluke.